Tinakadya ku Down Shops, tinabwerako ndi phunziro la munda

Thonje likagulidwa, msewu wocokera ku Mfuwe kudzera pa Masumba ndi Jumbe umadzaza ndi alimi opita ku Chipata. Wina afuna malata, wina njinga, wina nsapato za ana a sukulu. Ambiri a ife tikafika kumeneko timagula zimene tabwerera, kenaka n'kukhala pa khonde la sitolo ndi botolo la zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi awiri, kudikira basi yobwerera ku cigwa. Nyumba zodyeramo zimene zili m'mbali mwa msewu womwewo timangozidutsa, ena poopa mtengo, ena poopa tsabola, ndipo ena poganiza kuti malo amenewo si athu.

Ife tinapita anthu asanu ndi mmodzi otumidwa ndi mphakati wathu kukagula malata a kachalichi kathu kamene denga lake linasasuka ndi mphepo. Titamaliza kugula, amai ena acikulire a m'gulu lathu anati, "Ana inu, ndakalamba ndikudutsa pano. Lero ndifuna ndidye nditakhala pa mpando." Palibe amene anatsutsa. Anzathu Abemba ali ndi mwambi wakuti mwana wosayenda amatamanda amake kuti ndiwo odziwa kuphika, ndipo tsiku limenelo tinavomereza kuti mwambiwo umatinena ife.

Mbiri ya malowa

Dera limene anthu amalicha Down Shops ndi limodzi mwa madera akale kwambiri a mzinda wa Chipata. Azungu a kampani ya British South Africa atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, anamanga boma limene analicha Fort Jameson, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Amwenye oyamba anafika mu 1905. Anali ocokera ku Gujarat, kumadzulo kwa dziko la India, ndipo ambiri mwa oyambawo anali Asilamu. Ahindu anabwera pambuyo. Sanabwere kudzalima nzimbe monga anzao amene anatengedwa kupita ku Natal. Iwo anabwera kudzacita malonda a nsalu, mcere, sopo, makasu ndi mikanda, ndipo anatsegula masitolo mpaka m'midzi yakutali.

M'nthawi ya atsamunda, tauni inagawidwa patatu. Azungu anali ndi malo ao, Amwenye anali ndi ao, ndipo anthu akuda anali ku makomboni. M'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda anali kugulira pa windo, osaloledwa kulowa pakhomo. Lamulo lolola anthu a mitundu yonse kulowa m'nyumba zodyeramo ndi zoonetseramo kanema linabwera mu 1960, zaka zinai cabe ufulu usanafike. Tikakumbukira zimenezi, timamvetsa cifukwa cake makolo athu anazolowera kudyera panja, ndipo ife tinatengera cizolowezi cimene cifukwa cake cinatha kalekale.

Mu 1968 a Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti malonda ang'onoang'ono akhale m'manja mwa nzika za Zambia. Amwenye ena anacoka m'dziko, ena anatenga unzika, ndipo masitolo a kumidzi ambiri anatsekedwa kapena kugulitsidwa. Amene anatsala ku Chipata ndiwo makolo a eni masitolo ambiri a lero. Ana ao ndi adzukulu ao anabadwira konkuno, ndipo ambiri amalankhula Cinyanja cosakhota. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, koma mzikiti ndi masitolo a makonde aatali a ku Down Shops akukumbutsabe za Fort Jameson. Amene anafikako ku Lusaka adzaona kuti Kamwala ali ndi mbiri yofanana, ngakhale kuti kumeneko amalonda a ku China analowanso pakati m'zaka za m'ma 2000.

Zimene zinabwera pa thebulo

Tinalowa m'nyumba yaing'ono ya matebulo ocepa. Mtsikana wopereka cakudya anatilonjera bwino, ndipo titamuuza kuti sitidziwa maina a zakudyazo, anatifotokozera cimodzicimodzi osatiseka.

Samusa ambiri timamudziwa kale, cifukwa amagulitsidwa ngakhale pa Masumba. Ndi ufa wa tirigu wopindidwa makona atatu, m'kati muli nyama yogaya kapena mbatatesi ndi anyezi, wokazinga m'mafuta. Chapati ndi buledi wopyapyala wosatupitsa, woocha pa ciwaya, amene amang'ambidwa ndi dzanja n'kusunsira msuzi monga timacitira ndi nsima. Biryani ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama ya nkhuku kapena ya mbuzi, wothira adyo, jinja, cikasu ndi zonunkhiritsa zina. Panabweranso kambale ka msuzi wacikasu wochedwa dhal. Amai acikulire aja ataulawa anaseka nati, "Uyu ndi nandolo, angomucotsa makoko basi." Analondola. Dhal amaphikidwa ndi nandolo, mphodza kapena nyemba zina zosenda, ndipo cipere cimene agogo athu amaphika ndi m'bale wake.

Cimene cinatikhalitsa cete ndi achali. Ndi mango osapsa oduladula, osungidwa m'mcere, mafuta ndi tsabola, ndipo amakhala miyezi yambiri osaonongeka. Tinayang'anana, aliyense akukumbukira milu ya mango imene imaola pansi pa mitengo kwathu mu November ndi December, imene njovu zimabwerera usiku mpaka pakhomo.

Kodi Mkhristu angadye?

Mnyamata wina wa m'gulu lathu anakana nyama, nati anamva kuti ndi yoperekedwa nsembe. Funso limeneli lili m'mitima ya ambiri, ndiye tiyeni tiliyankhe poyera. Mau akuti halal amene mumaona olembedwa pa zitseko amatanthauza cololedwa. Msilamu sadya nkhumba, samwa mowa, ndipo sadya nyama yofa yokha kapena magazi. Nyama imaphedwa mozinga pakhosi ndi mpeni wakuthwa, wozingayo akuchula dzina la Mulungu, ndipo magazi amakhetsedwa. Si nsembe ya mizimu. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano waukulu wa Vatican II mu 1965, unanena m'cikalata cochedwa Nostra Aetate kuti umalemekeza Asilamu monga anthu opembedza Mulungu mmodzi. Koma amene mtima wake sukumulola asakakamizidwe. Mnyamata uja anadya chapati ndi dhal, nakhuta, ndipo palibe amene anamunyoza.

Ulemu uyenera kupita mbali zonse. Musalowe m'nyumba yotero ndi botolo la mowa m'thumba, ndipo musafunse nyama ya nkhumba. Kwa Ahindu ng'ombe ndi yolemekezeka, ndipo ambiri mwa iwo sadya nyama iliyonse. Dziwaninso kuti pa Cisanu masana masitolo ambiri a Asilamu amatsekedwa kwa kanthawi cifukwa ca mapemphero, ndiye amene afuna kugula ndi kubwerera tsiku lomwelo afike m'mawa. M'mwezi wa Ramadan eni ake amasala kudya kuyambira m'bandakuca mpaka kulowa kwa dzuwa, ndipo mwezi umenewu umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 caka ciliconse.

Mau a mwini nyumba

Titatsala pang'ono kunyamuka, mai mwini wa malowo anatuluka m'khichini kudzatifunsa kumene tacokera. Titachula Mambwe, anakhala pansi. Anatiuza kuti mpunga wa biryani ya pa ukwati ndi basmati wocokera kunja, koma wa masiku onse amagula wa konkuno, ndipo amaukonda cifukwa ca fungo lake. Dandaulo lao linali limodzi: miyala, mankhusu ndi mpunga wosweka. Anati thumba likakhala lotero, anchito amathera m'mawa wonse akusankha, ndipo wogula akaluma mwala sabweranso. Ananenanso kuti mbuzi ndi nkhuku za kumudzi amazifuna nthawi zonse, koma zamoyo, cifukwa ayenera kuzinga okha mwa mwambo wao. Mlimi amene wapha mbuzi kunyumba kuti anyamule mosavuta wadzitsekera yekha msika umenewu.

Apa ndi pamene cakudya ca masana cija cinasanduka phunziro. Kuno ku cigwa ng'ombe n'zocepa cifukwa ca kashembe, koma mbuzi ndi nkhuku tili nazo. Mpunga timalima m'madambo. Tsabola ena a ife timalima kale kuti tithamangitsire njovu m'minda. Nandolo amapirira cilala, amabwezera nthaka conde, ndipo dziko la India limagula wambiri kucokera ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Bungwe la COMACO, limene linayambira m'cigwa ca Luangwa momwe muno ndipo limagulitsa mpunga, uci ndi ciponde pa dzina la It's Wild, linaonetsa kale kuti mbeu za kuno zikakonzedwa mwaukhondo zimagulidwa mpaka ku Lusaka. Komabe ambiri a ife tikuikabe ciyembekezo conse pa thonje, limene mtengo wake sitiupanga ife, ndipo ngongole ya mbeu ndi mankhwala ikadulidwa zotsala zimakhala zocepa.

Sitikunena kuti nyumba zodyeramo za ku Chipata zingagule zokolola za boma lonse la Mambwe. Sizingathe. Koma mphakati umodzi kapena kalabu imodzi ya amai ikhoza kupangana ndi nyumba imodzi, n'kumapereka mpunga wopeta bwino kapena nkhuku khumi mwezi uliwonse. Cofunika ndi kusunga pangano. Mai uja anati alimi ambiri amabweretsa kamodzi, kaciwiri n'kusowa osatsanzika.

Cenjerani ndi ziwiri izi

Coyamba ndi ukhondo. Kolera inavuta ku Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndipo inabweranso mwamphamvu kuyambira mu October 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Matendawa sasankha kuti cakudya n'ca Mmwenye kapena ca Mkunda. Kulikonse kumene mwalowa, kaya ku Down Shops kaya pa msika wa Kapata, sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati m'beseni limodzi la anthu onse. Idyani cakudya cotentha, onani ngati n'covundikira kuti nchenche zisaterepo, ndipo musacite manyazi kuyang'ana cikalata ca khonsolo cimene nyumba yodyeramo iyenera kukhala naco.

Caciwiri ndi ndalama. Funsani mtengo musanaitanitse, cifukwa kufunsa si umphawi. Ife tinagula mbale zitatu zosiyana n'kugawana anthu asanu ndi mmodzi, aliyense analipira za m'thumba lake, ndipo ndalama za malata a chalichi sizinakhudzidwe. Tikudziwa abambo ena amene anapita ku Chipata ndi ndalama za thonje za caka conse, nabwerera patapita masiku atatu ndi mpango umodzi wa amai. Sizinathere pa samusa. Bwino kupita ndi akazi anu, mudye pamodzi masana, mubwerere dzuwa lisanalowe.

Malata tinafika nao bwino, ndipo denga linakhomedwa mvula isanayambe. Amai acikulire aja anabwerako ndi kabotolo ka achali, ndipo pa msonkhano wa mphakati wotsatira anakayendetsa kuti aliyense alawe. Amai a m'gulu lao apangana kuti mango akayamba kukhwima caka cino adzayesa kupanga wao, ndipo apempha kuti aliyense amene ali ndi mabotolo agalasi okhala ndi zotsekera awasunge ndi kuwapereka kwa akatekisiti.