GALIMOTO YAMAGETSI: KODI POIGULITSA MUDZAPEZAPO ZINGATI?

M'mabanja mwathu ambiri, galimoto si yongokwera chabe ayi. Ndi nkhokwe. Bambo akamagula galimoto amadziwa kuti tsiku lina mwana akadzasankhidwa kupita ku koleji, kapena matenda akadzagwa pakhomo, kapenanso geni ikadzalowa pansi, adzaigulitsa ndi kupezapo pogwira. Tsono chiyambire mizere ya petulo ija ya m'chaka cha 2022 ndi 2024, pamene anthu ankagona pamalo omwetsera mafuta, abale ena ayamba kusuzumira pa intaneti magalimoto oyendera magetsi ochokera ku Japan, ndipo akudabwa kuti ena mwa iwo ndi otsika mtengo kwambiri. Funso limene tikufuna tiunikire limodzi ndi ili: kodi galimoto yotereyi imasunga ndalama za mwini wake monga imachitira ya petulo?

Tiyankhe mosabisa mawu: mpaka pano, ayi. M'chaka cha 2025 kampani ya iSeeCars ya ku Amereka, imene imalondola mitengo ya magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, inapeza kuti pa zaka zisanu galimoto yamagetsi imataya magawo 58.8 pa 100 alionse a mtengo wake, pamene magalimoto onse pamodzi amataya magawo 45.6. Ndiye kuti pa madola 10,000 alionse amene munthu anapereka, wa yamagetsi amatsala ndi madola 4,120, pamene mnzake amatsala ndi 5,440. Magalimoto a hybrid, amene amaphatikiza petulo ndi batire monga Toyota Prius ndi Aqua zimene tazizolowera m'misewu yathu, anataya magawo 40.7 okha.

Anthu ambiri akamva zimenezi amathamangira kunena kuti batire ndiyo imafa msanga, monga ya foni. Kunena zoona, apa mantha ndi aakulu kuposa vuto lenilenilo. Kampani ya Geotab ya ku Canada inalengeza m'chaka cha 2024 kuti mabatire a magalimoto amene inawalondola ankatha mphamvu ndi magawo 1.8 pa 100 pachaka. Ndiponso makampani ambiri amalonjeza kukonza kapena kusintha batire ikafooka kwambiri zisanathe zaka zisanu ndi zitatu kapena makilomita 160,000.

Chimene chagwetsa mitengo kwenikweni ndi galimoto yatsopano. Taganizani kuti mwagula wailesi lero, ndiye mawa sitolo yomweyo yatsitsa mtengo wa wailesi yatsopano, komanso yabweretsa ina yogwira masiteshoni ambiri. Yanuyo adzaigula ndani pamtengo umene mukufuna? Izi ndi zimene zinachitika mu Januwale 2023, pamene kampani ya Tesla inatsitsa mtengo wa galimoto yake ya Model Y ku Amereka kuchoka pa madola 65,990 kufika pa 52,990. Munthu amene anali atagula kumene anadzuka m'mawa n'kupeza kuti madola 13,000 auluka, galimoto ili chiimire pakhomo yopanda ngakhale kachilema.

Amene analira kwambiri ndi kampani yobwereketsa magalimoto ya Hertz. Mu Okutobala 2021 inalengeza monyadira kuti igula magalimoto 100,000 a Tesla. Pofika Januwale 2024 inali ikulengeza kuti igulitsa magalimoto ake amagetsi 20,000, ndipo inalemba m'mabuku ake kuti yaluza madola 245 miliyoni chifukwa cha kutsika kwa mtengo wawo. Magalimoto onsewo atakhuthulidwa pamsika nthawi imodzi, mitengo inatsikiratsikira, monga amachitira matimati pa Lizulu nyengo yake ikakwana.

Nanga makampaniwo akutsitsa bwanji mitengo chotere? Chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti batire, imene ndi chiwalo chodula koposa m'galimotomo, yakhala ikutsika mtengo. Mphamvu ya batire amaiyeza m'ma kWh, omwe ndi mayunitsi omwe aja timagula ku ESCOM. M'chaka cha 2010 batire inkadya madola opitirira 1,000 pa yunitsi imodzi. Pofika 2024 kampani ya BloombergNEF inawerengera madola 115. Ndi nkhani yokoma kwa wogula mawa, koma yowawa kwa amene anagula dzulo.

Tiyeni tsopano tione galimoto imene abale athu amakumana nayo kawirikawiri pamndandanda wa ogulitsa a ku Japan, Nissan Leaf. Inatuluka mu Disembala 2010 ndi batire ya mayunitsi 24, ndipo boma la Amereka linayeza kuti inkayenda makilomita 117 isanafune kutchajidwanso. Ya m'chaka cha 2018 inabwera ndi mayunitsi 40 ndi kuyenda makilomita 243. M'zaka zochepa mtunda unawirikiza kawiri, ndipo yakale ija inasanduka yachikale isanakalambe. Corolla ya petulo siikumana ndi tsoka limeneli, pakuti ya zaka khumi ndi yatsopano zonse zimachoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe osaima panjira.

Komanso Leaf ili ndi vuto lakelake limene ife a m'dziko lotentha sitiyenera kulinyozera. Magalimoto ambiri amagetsi ali ndi timapaipi toyendetsa madzi oziziritsa batire, koma Leaf zoyambazi alibe. M'chaka cha 2012 eni ake a mumzinda wa Phoenix ku Arizona, kumene dzuwa limaswa mtengo, anadandaula kuti mabatire awo akufooka msanga kuposa mmene anauzidwira. Choncho mbale wathu wa ku Mangochi, ku Salima kapena ku Chikwawa asamawerengere ziwerengero za Geotab zija ngati ndi zake. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumadya batire mwakachetechete.

Mwamwayi galimotoyi imaulula yokha thanzi lake. Kutsogolo kwa dalaivala kuli timizere khumi ndi tiwiri tosonyeza mphamvu imene batire ingasunge. Kamzere koyamba kamazima batire ikataya magawo pafupifupi 15 pa 100, ndipo totsatirato timazima pa magawo 6 alionse. Leaf yoyamba ija ikatsala ndi timizere tisanu ndi titatu, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu linapita kale: ingakufikitseni ku Zomba kuchokera ku Blantyre, koma pobwerera mudzasowa mtengo wogwira. Pa Leaf, timizere timeneti ndito timanena mtengo, kuposa chaka chimene inapangidwa, kuposanso kuwala kwa penti.

Apa pali chenjezo. Alipo ogulitsa ena amene amafufuta zimene kompyuta ya m'galimoto inasunga, kotero kuti timizere tonse timayakanso kwa kanthawi, n'kudzazimanso wogula atapereka kale ndalama. M'malamulo a malonda a Chisilamu, wogulitsa amene akudziwa chilema cha katundu wake ayenera kuchiulula, ndipo wogula amene wapeza chilema chobisika ali ndi ufulu wobweza katunduyo. Koma mudzabweza bwanji galimoto imene inatsika sitima pa Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, msonkho mutalipira kale? N'chifukwa chake ndi bwino kuti musanatumize ndalama, mupemphe zotsatira za pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy, imene imawerenga zambiri za batire, ndipo ngati galimotoyo ili kale m'dziko muno, muiyendetse mtunda wautali muone nokha pamene ithere.

Pali chinthu china chimene chimatisocheretsa kwathu kuno. Timamva anthu akudzitama kuti anagulitsa galimoto pamtengo woposa umene anagulira. Si galimoto imene inakwera. Ndi kwacha imene inagwa, ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 mu Novembala 2023. Vitz kapena Sienta imapindula ndi zimenezi chifukwa ogula ndi ambiri, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa, ndipo zipangizo zake zili mbwee ku Ndirande. Yamagetsi ilibe mwayi umenewo. Wodzaigula kwa inu ayenera kukhala ndi magetsi odalirika pakhomo, ayenera kukhala woyenda m'tauni mokha, ndipo adzakumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe wa Ana ataononga Kapichira m'chaka cha 2022. Anthu oterowo alipo, koma ndi ochepa, ndipo amene akugulitsa mothamanga chifukwa cha matenda sakhala ndi nthawi yowadikira.

Komabe tisaiwale kuti kutsika mtengo kumene kukuliritsa wogula woyamba ndiko kukuseketsa wachiwiri. Gawo lalikulu la kuluzako analisenza kale munthu wa ku Osaka kapena ku Nagoya. Banja la mumzinda limene limangoyenda ulendo wa kusukulu, kuntchito ndi kumsika, lili ndi potchajira usiku, ndipo likufuna kuigwiritsa ntchito mpaka itatheratu, likhoza kubweza ndalama zake pa petulo, oilo ndi mapulagi zimene silidzagulanso. Ife tikuona kuti banja lotero likhoza kugula, malinga batire yayezedwa. Koma amene akufuna galimoto yoti adzaisandutse fizi ya mwana pakatha zaka zitatu, pakali pano ayang'ane ya hybrid kapena ya petulo.