Dzina Likawoloka Nyanja

Lero tikulankhula nanu kuchokera pa Mwazisi, m'boma la Rumphi, kupitirira Bolero. Fumbi la mumsewu lachita kobo, m'zigafa muli fodya lendelende, ndipo pansi pa mtengo mayi wina waunjika matimati ofiira psuu, atatu pansi, limodzi pamwamba. Tiyambire pa matimatiwa, pakuti dzina lawo layenda ulendo wautali kuposa tonsefe.

Linachokera ku Mexico, m'chilankhulo cha Nahuatl, chomwe ankalankhula Aaziteki, ndipo mpaka lero anthu oposa 1 miliyoni akuchilankhulabe. Eni ake ankati tomatl. Asipanishi anati tomate, Angelezi tomato, ife n'kuti matimati. Chipatso chinafika chathunthu, dzina lokha ndiye linaperepeseka m'njira.

Mayina a malo anaona zokhoma kuposa pamenepa. Kumwera kwa Mexico City kuli mzinda womwe eni nthaka ankautcha Cuauhnahuac, kutanthauza pafupi ndi mitengo. Asilikali a Hernán Cortés ataulanda mu 1521, lilime linawakana. M'makutu mwawo dzinalo linamveka ngati mawu awo otanthauza nyanga ndi ng'ombe, basi mzinda unasanduka Cuernavaca. Mngelezi analitola choncho, ndipo amalitchula osamvamo mtengo ngakhale umodzi. Chapultepec nalo, lomwe m'Chingelezi langokhala dzina la paki ndi nyumba yachifumu, kwa mwini chilankhulo ndi pa phiri la ziwala. Kachilembo komaliza kaja kamagwira ntchito ya "pa" wathu uja, monga timanenera kuti pa Mwazisi.

Zimenezi si zachilendo kuno kwathu. Mu 1859 David Livingstone anafika pa nyanja yathu yaikulu n'kulemba kuti Lake Nyassa. Koma nyasa m'Chiyao ndi nyanja basi, ndiye kuti pa mapu panalembedwa nyanja kawiri. Kuyambira 1907 mpaka 1964 dziko lonse linasenza dzina la Nyasaland.

Boma lino la Rumphi atsamunda ankalilemba Rumpi. Wina anganene kuti chilembo chimodzi chili ndi kanthu kanji. Koma kampweya kaja kwa ife ndi nkhani yaikulu, ndi kamene kamasiyanitsa kuponya ndi kuphonya. Thyolo inali Cholo, Nkhotakota inali Kota Kota, Mulanje inali Mlanje. Kwina sanavutike n'komwe kumvetsera: Chitimba anaitcha Florence Bay, Chilumba Deep Bay, ndipo pa Khondowe, pamene Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894, panamera dzina la Livingstonia. Zimandiwawa ndikaganiza za gogo amene ankalandira kalata yolembedwa dzina la kwawo lomwe iye mwini sakanatha kulitchula.

Komabe chigwa chino cha Nkhamanga chili ndi nkhani ina, ndipo ndi yomwe yatibweretsa kuno. Akuluakulu amasimba kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunabwera amalonda ochokera kutsidya kwa nyanja, ofuna minyanga ya njovu, atanyamula nsalu, mikanda ndi makasu. Mtsogoleri wawo anthu anamutcha Mlowoka, pakuti m'Chitumbuka kulowoka ndi kuwoloka. Dzina limodzi, ulendo wonse uli momwemo. Ndipo mbiri yomwe imasimbidwa kawirikawiri imati dzina la ufumu, Chikulamayembe, linachokera ku mawu a Chiswahili akuti chukua majembe, nyamulani makasu. Apa ndiye zinatembenuka: mawu achilendo ndi amene anagwa m'kamwa mwa Atumbuka, iwo n'kuwaumba mwawomwawo. Koma tanthauzo silinatayike, chifukwa mayembe ndi makasu omwewo amene mlimi wa pa Mwazisi amapachika paphewa mbandakucha.

Ufumuwo unaphwasulidwa ndi Angoni chapakati pa zaka za m'ma 1800, n'kudzabwezeretsedwa mu 1907. Lero anthu amasonkhana ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya, kukumbukira mfumu ya dzina limenelo. Nyuzipepala za Chingelezi zimalemba Gonapamuhanya Cultural Festival, ndipo mlendo amalimbana nalo dzinalo ngati mtolo wa nkhuni wosamanga bwino. Koma funsani mwana wa sukulu kuno. Sachedwa: gona, pa, muhanya. Wogona padzuwa.

Apo galimoto ya alendo yadutsa, kaya ikupita ku Nyika, kaya ku dambo la Vwaza. Yaima pang'ono, mayi wachizungu watsitsa galasi, waloza mulu uja n'kuti tomato. Wogulitsa wamwetulira, wathira m'jumbo, ndipo waikamo limodzi la basela.