Jenereta kapena magetsi a pakhomo: werengerani musanayatse kalavani yanu

Makalavani ogulitsira chipisi, nkhuku yootcha ndi zakumwa zozizira akuchuluka m'mizinda yathu. Ena amaima pakhomo chaka chonse, ena amakokedwa ndi galimoto kupita kumene kwasonkhana anthu: kumpira pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, kuchionetsero cha zamalonda ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ngakhalenso kumaukwati. Mwini kalavani aliyense amafika posankha kugula jenereta kapena kukoka nthambo kuchokera m'nyumba. Wosankha mosawerengera amagwira ntchito tsiku lonse n'kupeza kuti phindu lathera ku petulo.

Yambani ndi kuwerenga mawati. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kumbuyo kapena pansi kosonyeza mphamvu imene chimadya. Babu la LED limadya mawati pafupifupi 10, chotchajira foni chimodzimodzi, ndipo furiji yaing'ono imadya pakati pa 100 ndi 200. Zipangizo zotenthetsa ndizo zimadya kwambiri: ketulo imafika 2,000 ndipo chokazingira chipisi cha magetsi chimatha kufika 3,000. Yuniti imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi.

Tiyerekeze kuti kalavani yanu ili ndi furiji, mababu anayi, wailesi ndi mafoni angapo otchaja, zonse pamodzi mawati 300. Mukatsegula maola 10, mita ya pakhomo idya mayunitsi osapitirira atatu. Jenereta wamba ya mawati 2,000 imatha kumwa pafupifupi theka la lita pa ola ngakhale katundu wake ali wochepa chotere, chifukwa injini imazungulira pa liwiro limodzimodzi kaya mwalumikiza zambiri kapena zochepa. Pa maola 10 omwewo mwatentha malita pafupifupi asanu. Tengani mtengo wa petulo umene MERA yalengeza, muchulukitse kasanu, kenaka muyerekeze ndi mtengo wa mayunitsi atatu pa lisiti yanu. Kusiyana kumeneko ndiko kumachoka m'thumba mwanu tsiku lililonse.

Ngakhale jenereta itasenza katundu woyenera, lita imodzi imangotulutsa pakati pa yuniti imodzi ndi mayunitsi awiri. Onjezanipo oyilo, amene amafunika kusintha pakatha maola 50 mpaka 100, pulagi ya injini, ndi nthawi yoima pamzere petulo akasowa. Choncho ngati kalavani yanu imaima pakhomo panu, magetsi a ESCOM ndiwo otsika mtengo.

Koma magetsi a pakhomo ali ndi malire ake. Soketi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito m'Malawi muno imanyamula maampu 13 pa mavoti 230, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Mukalumikiza chokazingira ndi ketulo pa soketi imodzi mwapitirira kale, ndipo fyuzi ipsa kapena pulagi isungunuka. Nthambo zopyapyala zotchipa zimatentha, makamaka zikakhala zazitali, komanso mphamvu imafika yofooka kumapeto, zomwe zimaononga injini ya furiji. Gulani nthambo yokhuthala ya mawaya atatu, ndipo ngati ili yokulunga, itambasuleni yonse musanayatse. Popeza kalavani ndi yachitsulo, waya umodzi wosupuka ukhoza kuchititsa kuti aliyense wogwira chitseko agwidwe ndi magetsi, makamaka nyengo ya mvula. Itanani wamagetsi wovomerezeka kuti alumikize waya wapansi ndi kuika chozimitsa chodzidula chokha magetsi akayamba kudontha.

Kumbukiraninso malamulo. ESCOM ili ndi mitengo yosiyana ya pakhomo ndi ya bizinesi, ndipo siloleza kulumikiza magetsi mwachinyengo kapena kudumphitsa mita. Musanagwirizane ndi mnansi kuti akukokereni nthambo kudutsa mpanda, kafunseni ku ofesi yawo. Kudulidwa magetsi ndi chindapusa zikhoza kudya mpamba wonse.

Vuto lina ndi kuthimathima. Magetsi athu ambiri amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo amalonda anakhala miyezi yambiri akuthimiridwa maola ochuluka. Wogulitsa nyama, soseji kapena ayisikilimu ayenera kudzifunsa kuti katundu wa mufuriji ndi wa ndalama zingati, ndipo angapirire maola angati. Furiji yotsekula pamwamba, ikakhala yodzaza ndiponso yosatsegulidwa kawirikawiri, imasunga kuzizira kwa tsiku lathunthu. Mabotolo a madzi oundana amathandiza kutalikitsa nthawiyo popanda kugula chilichonse.

Jenereta imapindulitsa pamene mukupita kumalo kopanda soketi koma kuli ogula ambiri, monga kumpira kapena kumsika wa kabwandire. Kumeneko malonda a tsiku limodzi amabweza petulo. Pogula, yang'anani mphamvu imene imapereka mosalekeza, chifukwa nambala yaikulu yolembedwa pa thanki nthawi zambiri ndi ya kanthawi kochepa. Furiji imakoka mphamvu yochuluka katatu kapena kuposerapo pamene ikuyamba kulira, motero siyani danga. Tijenereta ting'onoting'ono tosakaniza oyilo ndi petulo timakwanira mababu ndi makina ometera, koma magetsi ake amakwera ndi kutsika, ndipo amaotcha zipangizo zosalimba. Ya mtundu wa inverter ndi yokwera mtengo pogula, koma imatsitsa liwiro katundu akachepa, imamwa pang'ono, ndipo phokoso lake silithamangitsa makasitomala.

Pali zinthu zitatu zimene zapha anthu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wapoizoni wosaoneka komanso wosanunkha, choncho isalire mkati mwa kalavani kapena pafupi ndi zenera, ngakhale mukuopa akuba kapena mvula. Musathire petulo injini ili yotentha, makamaka pafupi ndi moto wokazingira. Musalowetse nthambo ya jenereta mu soketi ya m'nyumba, chifukwa magetsiwo amabwerera ku mawaya a ESCOM ndipo akhoza kupha wokonza pa polo. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zonse ziwiri, wamagetsi aike swichi yosinthira.

Kwa ambiri, njira yosunga ndalama ndi kugawa ntchito. Kuphika ndi kukazinga kukhale kwa gasi. Mababu, wailesi ndi mafoni zikhoza kuyendera batire ndi kasola kakang'ono. Furiji iyendere magetsi a pakhomo usiku wonse kuti inyamuke itaundana. Mukatero jenereta imatsalira masiku a ulendo okha, ndipo ngati maulendowo ndi awiri kapena atatu pa mwezi, funsani kaye mtengo wobwereka musanatulutse mpamba wogulira yanu.