Chitupa cha Pakhosi: Kakhadi Kamene Kamatsegula Geti la Kuntchito

Nyengo yodula nzimbe ikafika, msewu wa M1 pa Nchalo umadzuka tambala asanamalize kulira. Njinga zakapalasa zimangoti ndondondo, ena wapansi, ena atakwera kabaza, onse akuthamangira kuti dzuwa la m'chigwa liwapeze atayamba kale ntchito. Ambiri mwa iwo amakhala atasunga kanthu kakang'ono m'thumba la malaya kapena atakapachika pakhosi. Ena amati baji, ena amati khadi, akuluakulu amangoti chitupa. Popanda kanthu kameneka mlonda wa pageti sakudziwani, ngakhale mutakhala kuti munakulira limodzi ndipo mumatunga madzi pa mjigo umodzi.

Kale m'chigwa cha Shire munthu ankadziwika ndi mfunda wake ndi mudzi wake. Koma kumene kuli anthu zikwizikwi olembedwa ntchito, mfunda sukwanira. Kampani ya Lonrho itayambitsa minda ya nzimbe ndi fakitale ya Sucoma pa Nchalo pakati pa zaka za m'ma 1960, anthu anabwera kuchokera ku Nsanje, ku Thyolo, ku Mulanje, ena kutsidya ku Mozambique. Illovo inatenga kampaniyi mu 1997, ngakhale kuti agogo ambiri mpaka lero amati "ndinkagwira ku Sucoma". Lero malo okhala ndi geti ndi mlonda achuluka: fakitale ya PressCane, nkhalango ya Majete imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003, malo opangira magetsi a Kapichira, misasa ya omanga ngalande yaikulu ya ulimi wothirira, mabanki, ndi zipatala za boma pa Chikwawa ndi pa Nsanje. Malo alionse ali ndi njira yakeyake yodziwira woyenera kulowa. Kwina ndi buku lolembamo dzina ndi nthawi. Kwina ndi khadi lokhala ndi chithunzi. Kwina ndi makina owerenga khadi kapena chala.

Zimenezi sizinayambe ndi kompyuta. M'nthawi ya atsamunda wogwira ntchito pa esiteti ankapatsidwa tikiti, ndipo kapitawo ankachonga tsiku lililonse limene wagwira. Tikiti ikadzaza ndiye kuti malipiro akwana. Kapitawo akakana kuchonga chifukwa ndime sinathe, tsikulo lapita pachabe. Amene ankapita ku Wenela kapena ku Halale nawo ankayenda ndi chitupa chodindidwa chala. Kulemba anthu a ku migodi kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, kenako kunayambiranso pansi pa TEBA mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Patapita zaka zambiri, nkhani ya ndalama za anthu a ku migodi itayamba kumveka, funso loyamba limene madala aja ankafunsidwa linali la nambala ndi mapepala awo. Amene mapepala awo anadyedwa ndi chiswe kapena kukokoloka ndi madzi anavutika kutsimikiza kuti anagwiradi ntchito ku Joni.

Khadi la masiku ano limaoneka ngati pulasitiki wamba, koma makhadi ambiri ali ndi zinthu m'kati. Muli kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kolumikizidwa ku waya wopyapyala amene wazungulira m'mbali mwa khadi lonse. Batire mulibe. Mukaliyandikitsa pa makina a pakhomo, makinawo amatulutsa mphamvu imene wayayo amaitola, ndipo kachipangizo kaja kamayankha ndi nambala yake. Kompyuta imayang'ana nambalayo pa mndandanda: ndi ya ndani, aloledwa khomo liti, nthawi yanji. Ikagwirizana, chitseko chimatseguka, ndipo nthawi imalembedwa. N'chifukwa chake kalaliki wa ku ofesi ya malipiro khadi lake silingatsegule nyumba yosungira mankhwala a m'munda, ndipo wa kumankhwala sangalowe kumene kuli ndalama.

Kudziwa za waya ameneyu kungakupulumutseni ku chindapusa. Khadi likapindika m'thumba la kumbuyo pokwera njinga, wayayo amaduka ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Kuliboola ndi msomali wamoto kuti mumangirire chingwe nakonso kumalipha. Ndiye pali kutentha kwathu kuno. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene Ngabu ndi Bangula zimapitirira madigiri 40, khadi losiyidwa kutsogolo kwa galimoto kapena pawindo la nyumba ya malata limapotoka ngati chikopa chouma.

Makina owerenga chala ali ndi vuto lina limene opanga ake kutali uko sanaliganizire kwenikweni. Munthu wogwira chikwanje, khasu kapena simenti tsiku ndi tsiku mizere ya zala zake imafufutika. Makina amamukana, mzere kumbuyo ukukula, anzake akung'ung'udza. Ngati zimenezi zimakuchitikirani kawirikawiri, musangozolowera kupempha mlonda kuti akulowetseni mwachifundo, chifukwa mukhoza kulowa koma osalembedwa, ndipo pa mapeto a mwezi tsikulo n'kusowa pa malipiro. Pitani ku ofesi yoona za antchito mukapemphe kuti alembetse chala china kapena akupatseni njira ina. Ndi nzeru kusunganso kabuku kanu kunyumba kolembamo masiku ndi maola amene mwagwira. Makina amalakwitsa, makamaka magetsi akamazimazima.

Tsopano tifike pa nkhani imene imakhudza mabanja ambiri koma sikambidwa poyera, yobwerekana chitupa. Bambo wadwala malungo, safuna kutaya tsiku, ndiye amatuma mng'ono wake kapena mwana wake wamkulu kuti akagwire m'dzina lake. Pooneka ndi kuthandizana kwa pachibale. Koma taganizirani ngati mnyamatayo atadzitema, kulumidwa ndi njoka m'munda, kapena kugundidwa ndi thirakitala. Lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito la chaka cha 2000 limateteza munthu wolembedwa ntchito. M'mabuku mukhala dzina la bambo amene ali gone kunyumba, pomwe wovulalayo sapezeka paliponse. Banja likhoza kutaya zonse ziwiri, chithandizo cha wovulala ndi ntchito ya mwini chitupa. Ndipo ngati wotumidwayo sanakwane zaka 18, malamulo a dziko lino saloleza n'komwe kuti agwire ntchito zoika moyo pachiswe.

Kwa osunga Sabata yesero limabwera mwa mtundu wina. Fakitale ikayamba kugaya siima Loweruka, chipatala nachonso sichitseka. Mnzanu wa mtima wabwino akhoza kunena kuti, "Achimwene, ingondisiyirani khadi lanu, ndikakudindirani, inu pitani kutchalitchi." Mawu okoma, koma zikatero mwapumula Sabata pogwiritsa ntchito bodza, ndipo mwalandira malipiro a tsiku limene simunagwire. Zikadziwika, mlandu umagwera nonse awiri, ndipo wa Adventist wina wodzafunsira ntchito pamalopo adzayamba ndi mbiri yoipa imene sanaipange. Njira yotalikirapo ndiyo yokhalitsa: kukambirana ndi kapitawo kapena bwana nyengo isanayambe, kusinthana shifiti movomerezeka ndi mnzanu amene amapemphera Lamulungu, ndi kupempha kuti mgwirizanowo ulembedwe. Kalata ya abusa imathandiza. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, koma kompyuta ya pageti sidziwa gawo limeneli. Imangolemba kuti simunabwere, pokhapokha munthu wa mu ofesi ataiuza kuti tsikulo si lanu.

Palinso a katapila. Si chinsinsi kuti obwereketsa ndalama ena amatenga khadi la kubanki, chiphaso cha unzika, nthawi zina ndi chitupa cha kuntchito ngati chikole. Chitupa cha kuntchito ndi katundu wa olemba ntchito, si chanu choti mupinyolitse. Chiphaso cha unzika ndiye n'chachikulu koposa. Kuyambira pamene bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo mu 2017, chiphasochi chakhala khomo la zinthu zambiri: kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti, kugula feteleza wotsika mtengo, kulembedwa ntchito. Wosunga chiphaso chanu wasunga dzina lanu.

Ku chipatala baji imagwira ntchito yoteteza wodwala. Jasi yoyera aliyense akhoza kugula pa kaunjika. Mayi amene akudikirira mwana wake m'wodi ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu dzina ndi udindo wa munthu amene akufuna kubaya jakisoni, makamaka ngati munthuyo akuitanitsa ndalama pambali m'chipatala cha boma. Madokotala ndi madokotala othandizira amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Wogwira ntchito weniweni sakwiya akafunsidwa. Amene amatembenuza baji kuti dzina lisaoneke ndiye wofunika kumuyang'ana kawiri.

Koma baji yomweyo imanyamula tizilombo. Kafukufuku wina wa pa chipatala cha ku Melbourne, ku Australia, amene anasindikizidwa mu 2008, anapeza tizilombo toyambitsa matenda pa mabaji ndi pa zingwe za pakhosi za ogwira ntchito, tina mwa ito tosamva mankhwala wamba. Sizodabwitsa. Chingwe chimalendewera pa wodwala namwino akawerama, chimanyowa thukuta, ndipo palibe amene amaganiza zochichapa pamene yunifolomu ikuchapidwa. Madzulo mwana wakhanda akanyamulidwa, chinthu choyamba kuchigwira ndi kuchiika m'kamwa ndi baji yomweyo. Ivuleni musananyamule mwana. Khadi lipukuteni ndi kansalu ka sopo kapena sipiriti, chingwe muchichape sabata iliyonse. Ndipo amene mumadinda chala pamalo amene zala mazanamazana zadutsa, sambani m'manja musanagwire chakudya. Kolera ya 2022 ndi 2023 sinaiwalike ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ogwira pafupi ndi malamba ndi makina ozungulira asamavale chingwe cholimba pakhosi. Chikakodwa chimakoka mutu. Pali zingwe zina zopangidwa kuti zizimasuka zokha zikakokedwa, apo ayi khadi likhale m'thumba lotseka.

Eni ntchito nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ena amaiwala kuti geti lotsekera akuba likhoza kutsekeranso antchito. Mu 1911 moto unabuka pa fakitale yosoka zovala ya Triangle ku New York, ndipo anthu 146 anafa, ambiri atsikana, mwa zina chifukwa zitseko zinali zokhoma. Chitseko cha magetsi chiyenera kutseguka kuchokera m'kati popanda khadi, ngakhale magetsi atazima. Kuno si funso longoyerekeza. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu. Wogwira ntchito aliyense ayenera kudziwa chimene chitseko cha pamalo pake chimachita magetsi akathima. Ngati simukudziwa, funsani mawa lomwe. Ubwino wa mndandanda wa pageti umaonekera pa ngozi: moto ukabuka kapena madzi akalowa, ndi umene umauza opulumutsa kuti m'nyumbamo munali anthu angati ndipo ndani sanatuluke. Munthu amene analowa kumbuyo kwa mnzake osadinda sadzafunidwa. Amene anamudindira mnzake ali kunyumba adzachititsa anthu kulowa m'moto kufunafuna munthu amene mulibe.

M'maiko ena mabwana amagwiritsa ntchito ziwerengero za pageti poona kuti maofesi akudzaza bwanji, makamaka chibwerere Covid-19 pamene ambiri anayamba kugwirira kunyumba. Akaona kuti theka la madesiki limakhala lopanda anthu, amachepetsa zipinda za lendi ndipo antchito amasinthana malo okhala. Pa boma la Nsanje kapena la Chikwawa vuto nthawi zambiri ndi losiyana, anthu anayi desiki imodzi. Chimene chikutikhudza ndi chakuti makinawa amasunga mbiri ya munthu: nthawi yofika, yoweruka, khomo lililonse limene wadutsa, chithunzi ndi chidindo cha chala. Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene bungwe la MACRA likuyang'anira. Wantchito akhoza kufunsa kuti zidindo za zala zake zikusungidwa kuti, amaziona ndani, ndipo zidzafufutidwa liti kontirakiti ikatha.

Chotsala ndi madzi. Amene anaona 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti Shire, Ruo ndi Mwanza zikasefukira usiku, munthu amanyamula ana, osati mapepala. Ku Makhanga ndi madera ena a kum'mawa kwa mtsinje mabanja ambiri anafika m'misasa opanda chiphaso chilichonse. Mvula isanayambe, sonkhanitsani chitupa cha kuntchito, ziphaso za unzika, makadi a kusikelo, mabuku a kuchipatala ndi kalata yolembedwera ntchito, muziike m'jumbo ziwiri zomanga bwino kapena m'chigubu chotseka pakamwa, pamalo okwera amene aliyense m'nyumbamo akuwadziwa. Jambulani chilichonse ndi foni mbali zonse ziwiri, zithunzizo mutumize kwa wachibale wodalirika amene amakhala kumtunda. Nambala ya kuntchito ilowezedwe ndi anthu awiri, mwini wake ndi mkazi kapena mwamuna wake. Chitupa cha kuntchito chikatayika, kaneneni tsiku lomwelo kuti nambala yake itsekedwe, chifukwa mpaka itatsekedwa, khomo lililonse limene wochitola angatsegule lidzalembedwa m'dzina lanu.