Sikuluwu ya Archimedes ndi gudumu la Pelton

Munthu woima pakhwawa kwa Kanduku ku Mwanza, akulingalira zopukusa magetsi a mudzi umodzi, ayambe wayeza zinthu ziwiri asanagule chitsulo chilichonse: kuchuluka kwa madzi, ndi kutalika kwa pamene akugwera. Malita 1,000 pa sekondi akatsika mamita 2 amapereka makilowati pafupifupi 15. Malita 20 okha pa sekondi akagwa mamita 100 amapereka 15 omwewo. Mphamvu ndi yofanana, koma makina ake ndi osiyana ngati mtondo ndi mphero.

Madzi ambiri ogwa pafupi mwini wake ndi sikuluwu ya Archimedes, Mgiriki wa ku Syracuse amene anamwalira mu 212 BC. Kwa zaka mazanamazana ntchito ya chipangizochi inali kukweza madzi kupita kumtunda, mpaka m'ma 1990 pamene akatswiri ku Germany anachitembenuza: madzi alowe pamwamba, kulemera kwake kukankhe mapeni opiringizika, chitsulo chizungulire. Masikuluwu awiri otere ali pa mtsinje wa Thames ndipo amapereka magetsi kunyumba yachifumu ya Windsor. Madzi ochepa ogwa patali mwini wake ndi gudumu la Lester Pelton, lomwe linabadwira kudera la migodi ya golide ku California, n'kulembetsedwa mu 1880. Ilo limadalira liwiro. Madzi amatsika m'paipi, amatuluka pa kabowo kopanikiza, n'kumenya tizikho togawika pakati tozungulira gudumulo. Kwathu kuno ndi limene limapukusa magetsi pa Wovwe ku Karonga, pamene madzi amagwa kuchokera ku Nyika.

Wopanga sikuluwu mutu umamupweteka ndi kapendekedwe. Ambiri amaipendeketsa madigiri pafupifupi 22. Akaimiritsa kwambiri imafupika ndipo mtengo umatsika, koma chigawo chilichonse chimanyamula madzi ochepa. Akaigoneka kwambiri imameza madzi ambiri, koma chitsulo chimachuluka. Palinso kampata ka pakati pa mapeni ndi ngalande imene sikuluwuyo imagonamo: kakakula madzi amazemba osagwira ntchito, kakachepa zitsulo zimakhulana. Ndipo poti imazungulira mwaulemu, maulendo makumi angapo okha pa mphindi, pamafunika giyabokosi kuti jenereta ithamange. Wopanga Pelton nkhawa yake ili pa kabowo kaja ndi kukula kwa paipi. Gudumu lake limazungulira maulendo mazanamazana pa mphindi, moti lamba wonga wa pachigayo amakwanira.

Mvula ikagwa mu January makwawa a ku Mwanza amafiira ndi matope, atanyamula mchenga, masamba ndi timitengo. Sikuluwu zimenezi siziidetsa nkhawa. Zimalowa pamwamba n'kutuluka pansi, ngakhale nsomba zimadutsa zamoyo. Pelton mchenga ndi mdani wake, umadya kabowo ndi tizikho pang'onopang'ono, ndiye pamafunika thanki yoti matope ayambe adikha, ndi munthu woikokolola. Tisaipeputse nkhani ya zinyalala, poti ngakhale makina akuluakulu a pa Nkula akhala akuima chifukwa cha zomera zoyandama pa Shire. Koma dikirani October. Khwawa likaphwa n'kutsala kamadzi kongoyenderera pamiyala, sikuluwu imaima ndi ludzu, pamene Pelton, ngati kasupe wa pamwamba pa phiri sanaume, imapitiriza ndi madzi ochepawo.

Pa mtengo ndimazengereza kugamula. Sikuluwu ndi chitsulo chimodzi chachitali cholemera matani angapo. Kuti chifike kumudzi pafunika lole, msewu ndi timilatho tolimba. Gudumu la Pelton la mudzi umodzi limakwana m'galimoto yaing'ono, koma ndalama zimathera pa paipi ya mamita mazanamazana, ndipo paipiyo iyenera kudutsa m'minda ya anthu. Kwa Kanduku minda ina ndi ya manachesi, ndipo mwini mtengo wobereka salola mzere wa paipi asanakhale pansi ndi a mfumu.