KHANSA YA KHOMO LA CIBALILO TSOPANO INGAPEWEDWE

Pa mitundu yonse ya khansa imene imagwila azimai muno m'Zambia, khansa ya khomo la cibalilo ndiyo ikupha ambili. Cacisoni n'cakuti ambili amafika ku cipatala matenda atakula kale, pamene njila zowapewela zilipo.

Cimene cimabweletsa khansa imeneyi ndi kacilombo ka HPV, kamene anthu amapatsilana pogonana. Anatulukila zimenezi ndi dotolo wa ku Germany, Harald zur Hausen, amene analandila mphoto ya Nobel mu 2008. Mwa azimai ambili thupi limagonjetsa lokha kacilomboka. Koma kakakhalitsa, kamaononga khomo la cibalilo pang'onopang'ono, ndipo pangapite zaka 15 kapena 20 khansa isanayambe. Nthawi yonseyi mzimai samva kuwawa. Kwa amene ali ndi HIV, ngozi imaculuka kuwilikiza ka 6.

Kucokela mu 2006, manesi m'makiliniki a boma, kuyambila ku Lusaka, akhala akupima azimai ndi viniga. Akapaka viniga pa khomo la cibalilo, malo odwala amaoneka oyela. Malowo amawaocha ndi kacipangizo kotentha kapena kuwaumitsa ndi mpweya wozizila, kawilikawili tsiku lomwelo. M'zipatala zina mulinso njila yatsopano: mzimai amadzipaka yekha kathonje kumaliseche, ndipo kathonjeko amakapima ngati kali ndi HPV.

Cida cina ndi katemela. Boma linayamba kum'peleka dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14. Mu 2022 bungwe la WHO linavomeleza kuti nyeleti imodzi ndi yokwanila, ndipo mu 2023 Zambia inatemela atsikana a zaka 9 mpaka 14. Mtsikana amene ali ndi HIV afunika nyeleti zoonjezela. Katemelayu ndi waulele ndipo saletsa kubala, monga mmene mphekesela za m'makomboni zimanenela.

Mzimai amene akutaya magazi atagonana ndi mwamuna, kapena atasiya kale kusamba, kapena amene akucoka zamadzimadzi zonunkha, asazengeleze. Khansa yopezeka msanga imacilitsika ndi opaleshoni, kapena ndi mankhwala ndi makina a cheza amene amaocha cotupa. Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka, yotsegulidwa mu 2007, ndiyo imalandila odwala otele.

Azibambo naonso ali ndi mbali yao: kulola mwana wamkazi kulandila katemela, ndi kupelekeza amai a kunyumba kukapimitsa asanadwale.