Mbiri ya Mpingo Ifike Pakhomo Lililonse

Pamene Buku Lopatulika linatuluka m'chaka cha 1922, m'mabanja ambiri ana a sukulu ndiwo ankawerengera makolo awo madzulo. Lero zolengeza za mpingo, maulaliki ndi mauthenga a maliro zimayenda pa intaneti, koma okalamba ambiri alibe foni yowerengerapo. Motero mayi wa Chigwirizano amamva mochedwa kuti mnzake anaikidwa kale m'manda.

Achinyamata, ntchito ija yabwerera kwa inu: Loweruka madzulo muziwawerengera akuluakulu zimene mpingo walemba. Ife makolo tisaumire ndalama ya bandulo. Ndiponso mbiri ya ubatizo, ukwati ndi misonkhano tiziipereka msanga kwa mlembi, kuti ana athu okhala ku Johannesburg nawonso aimve. Mlembi sangalembe chimene sitinamuuze.